Kagemu Kofunsa Kaye Dzanja Lako

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mutagwira tsaya, mundikhululukire, sindiyamba ndi mawu okoma. Ndiyamba ndi mtsikana amene anakhala pakona ya kachipinda ka eni ake, akuyang'ana dzanja lake lamanja ngati la munthu wina.

Anali atangomasulidwa mabandeji. Makina odulira makatoni pa fakitale imene ankagwira ntchito anamudyera zala zitatu: chachikulu, cholozera ndi chapakati. Zinatsala ziwiri zakumapeto, zopindika ngati zikuchita manyazi. Ntchito inathera pomwepo. Nyumba ya lendi anaisiya, n'kukapezeka kwa mkulu wake, m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa shopu ya alamu ake okonza mafoni.

Anthu ankamutcha Mafunso. Dzinali linamumata ali mwana, chifukwa sankalola chinthu kumudutsa asanachifunse. Mphunzitsi akati madzi amawira akatentha, iye ankakweza mkono kuti amve chifukwa chimene mkaka umasefukira pamene madzi sasefukira. Mafunso otero sakhozetsa mayeso. A ku sekondale anawalephera, n'chifukwa chake anakathera ku makatoni.

Koma chichokereni kuchipatala, Mafunso sanafunse kanthu.

"Tandifunsa chilichonse, mphwanga," mkulu wake ankatero akamatola mbale ya chakudya chosakhudzidwa. "Ngakhale zopusa zako zija. Nyumba ino yazizira."

Iye ankangotembenukira kukhoma.

Tsiku lina masana, akufufuza thaulo m'chikwama, anapeza kachipangizo kake kosewerera magemu, kongokwana m'manja, kamene ankasewera pa nthawi yopuma ku fakitale. Mmenemo munali gemu ya kamunthu kothamanga n'kumadumpha maenje. Chala chachikulu chakumanzere chimathamangitsa, chakumanja chimadumphitsa. Pa fakitale yonse panalibe womuposa.

Anakayatsa. Kamunthu kanathamanga, kanafika pa dzenje loyamba, kanagweramo. Anayesa kudina ndi kachala kakumapeto, kachipangizo kanapendekera, kamunthu kanagweramo. Anayesa ndi chikhatho, anadina mabatani onse pamodzi. Dzenje limene kale ankalidumpha akucheza ndi anzake, tsopano linali chigwa.

Anakaponya kukhoma ndi mphamvu zake zonse.

Kanang'ambika pakati. Mabatani anabalalika pansi ngati mikanda. Mafunso analira kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi, kulira kwenikweni kotuluka m'mimba. Misozi itachepa, maso ake anagwera pa chidutswa chimene chinagwera pafupi ndi phazi lake. Chinali kabolodi kobiriwira, kokhala ndi timizere tonyezimira ngati misewu ya m'tauni. Pamene panali batani lodumphira panalibe chodabwitsa chilichonse. Panali timizere tiwiri toyandikana koma tosagundana, basi.

Anakatola, n'kulowa m'shopu.

Alamu ake anali atawerama pa foni ya kasitomala, kagalasi kokulitsa zinthu kali padiso.

"Alamu, batani limadziwa bwanji kuti ndi lodumphira?"

Alamu anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kukhomo lolowera kunyumba n'kufuula: "Mayi a nyumba! Wailesi ija yayambanso kulira!"

Kenaka anamukokera mpando.

"Batani silidziwa kanthu, mlamu wanga. Ndi chitsiru chenicheni. Ukalidina limangogunditsa timizere tiwirito, magetsi n'kudutsa. Amene amanena kuti uku ndi kudumpha ndi pulogalamu ili m'katimu." 

"Ndiye batanilo likhoza kukhala paliponse?"

"Bola waya afike."

"Ngakhale kumsana kwake?"

"Ngakhale padenga la nyumba ino."

Mafunso anatembenuza kabolodi, n'kuika chala cholozera chakumanzere kuseri kwake. Chalacho chinali chabwinobwino, ndipo nthawi yonse imene ankasewera chinkangokhala pamenepo osagwira ntchito.

Kuwotcherera mawaya ndi dzanja lamanzere si masewera. Chitsulo chotentha chinkamuthawa. Waya ankaterereka pa zala ziwiri zija, mpaka anaba zopanira zovala pa chingwe cha mkulu wake kuti zizimugwirira. Anadziwotcha kambirimbiri. Alamu ankati akamva fungo la pulasitiki wopsa amadziwa kuti injiniya wafika pa ntchito.

Koma tsiku linafika limene anamata kachipangizo kaja ndi tepi, batani lodumphira lili kumsana. Kamunthu kanathamanga, kanafika pa dzenje, kanauluka.

Mafunso anakuwa mpaka kasitomala wina anagwetsa foni yake.

Apa ena akanakhutira. Iye ndiye anangoyabwidwa kwambiri. Bwanji kachipangizoka n'kotambalala chonchi, ngati si chifukwa choti anakapangira manja awiri? Katakhala ka dzanja limodzi kuyambira pachiyambi, kakanaoneka bwanji? Anakatapa dongo kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kuumba timaonekedwe tosiyanasiyana, kufinya m'dzanja lake lamanzere, n'kumatomera njere za mikanda pamene zala zagwera. Ankatiyanika pawindo la shopu.

Mkulu wake, amene anali woyembekezera, zimenezi sizinamusangalatse.

"Ndinapempha mafunso, sindinapemphe matope," anatero. "Anthu akuti mutu wako sukuyenda. Tamvera, mphwanga. Mwana akabadwa kachipinda kako tidzakafuna. Ndalankhula ndi azakhali, akuti ukhoza kukakhala nawo. Kumeneko ukapumula."

"Kupumula chiyani, asisi? Ndatopa ndi kupumula."

"Nanga magemu amadyedwa?"

Mafunso ankadziwa kuti kwa azakhali kulibe shopu, kulibe chitsulo chowotcherera, ndipo kuli mpando umodzi pakhonde womudikira kuti akakalambirepo.

Amene anayamba kufunsa za timatope tija anali kasitomala, mayi wamkulu ndithu wa magalasi okhuthala, amene anabwera kudzasinthitsa sikirini ya foni yake. Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu owerengera katundu m'masitolo. Alamu anamupatsa dzina loti Magalasi, ndipo linakhala lomwelo.

"Timbatata iti n'tandani?" anafunsa Magalasi.

Mafunso anafotokoza mwamanyazi. Mayiyo anatola kamodzi, anaika dzanja lina kumbuyo, n'kufinya.

"Kunja wakuganizira. Nanga m'kati mudzakhala chiyani?"

"M'katimo ndiye sindidziwa, amayi."

"Ine ndatopa ndi kuwerengera anthu mabotolo a mafuta. Loweruka ndibwera ndi laputopu."

Anabweradi, ndipo sanasiye kubwera. Pa benchi yakumapeto kwa shopu panayamba mikangano imene makasitomala ankachedwa dala kuti aimvere.

Woyamba unali wa sikirini. Mafunso anaganiza kuti kapena angochotseratu mabatani, munthu azingokhudza galasi ngati pa foni. Magalasi anamupatsa foni.

"Tsinzina. Tsopano dina pamene pali chilembo choyamba cha dzina lako."

Mafunso anasisita galasi losalala, osamva kanthu. Anatola chimodzi mwa zoumba zake, akadali chitsinzinire, ndipo chala chinapeza mkanda nthawi yomweyo. Nkhani inathera pamenepo. Mabatani anakhala, ndipo anagwirizana kuti lililonse likhale ndi msana wakewake, lina losalala, lina la timizere, kuti chala chizilidziwa maso ali pa gemu.

Wachiwiri unali wa kachidutswa ka m'kati kamene kamakhala ngati ubongo wa zonse. Mafunso ankafuna kamphamvu, kotulutsa zithunzi zokongola zonga za m'filimu. Magalasi anayatsa gemu yotero pa foni ya alamu, n'kumuuza kuti aigwire m'mwamba ndi dzanja limodzi. Posakhalitsa foni inatentha, mkono unayamba kunjenjemera.

"Ubongo wamphamvu umatentha, komanso umadya batire. Batire lalikulu limalemera," anatero Magalasi. "Wa manja awiri akatopa amasinthira dzanja lina. Iwe usinthira kuti?"

Zithunzi za m'filimu zinamupweteka Mafunso kuzisiya, koma anazisiya. Anasankha kaubongo kofatsa, batire lopepuka, ndi zithunzi zosavuta zooneka bwino ngakhale padzuwa.

Pa mkangano wachitatu anasinthana mbali. Magalasi ankafuna aikemo pulogalamu yaikulu yonga ya m'mafoni, chifukwa magemu ake alipo kale osawerengeka.

"Magemu amenewo anawapangira ndani, amayi?" anafunsa Mafunso. "Si a zala zazikulu ziwiri? Ndiye tipange nyumba yatsopano, n'kulowetsamo alendo omwe aja amene anandithamangitsa?"

"Ukudziwa kuti tikakana, magemu tizilemba tokha? Tidzakhala ndi awiri kapena atatu, osati chikwi."

"Awiri amene ndingathe kusewera."

Magalasi anavula magalasi ake, anawapukuta, n'kuusa moyo. Anatenga pulogalamu yaing'ono imene eni ake amalola aliyense kuisintha, n'kuisadza mpaka inatsala mafupa okhaokha. Munalibe intaneti, munalibe zotsatsa malonda. Ukayatsa, gemu ili pomwepo. Ndipo chifukwa dzanja lovulala limatopa mosachenjeza, anakonza zoti gemu izisunga yokha pamene wafika nthawi iliyonse. Ukangokagoneka chafufumimba patebulo, kamaima n'kukudikira.

Kalipentala wa pafupi anawasemera chikhokho cha thabwa lopepuka potsatira dongo lija. Kanali kokhota ngati nyemba, kolowa m'dzanja lamanzere la Mafunso ngati kanabadwira momwemo.

Nthawi yonseyi Mafunso ankapita kuchipatala ku mafizo, kumene anthu ovulala manja amakhala pamzere n'kumafinya timipira ta labala. Namwino wa kumeneko ankadandaula kuti anthu amatopa nato timipirato n'kusiya kubwera, manja n'kuuma. Atamva za kachipangizo, anati abwere nako.

Mafunso anavala diresi yake yabwino. Anafotokozera anthu nkhani yonse, kuyambira pa dzenje loyamba lija, kenaka anapereka kachipangizo kwa bambo amene anakhala kutsogolo. Anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu amene sitiroko inamuumitsa mbali yonse yakumanzere. Onse ankangowatcha Adalaivala.

Adalaivala anakalandira ndi dzanja lamanja. Kanakana kukhala. Kukhota kuja kunawabaya pachikhatho, mabatani onse anathawira kumene kulibe chala. Anakapereka kwa mayi wina wa nyamakazi, amene zala zake sizinathe kufika kumsana. Wowotcherera zitsulo wina wa zipsera za moto anafika pa batani, koma linamulimbira. Kanazungulira chipinda chonse, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anadumpha dzenje.

Adalaivala anakabweza mwaulemu.

"Mwana wanga, n'kokongola. Koma kameneka n'kako. Amene anapanga kakale kaja anayang'ana manja awo, wanena wekha. Iwenso wayang'ana lako."

Mafunso anabwerera kunyumba wapansi, osafuna kuonana ndi munthu m'basi. Atafika anapeza mkulu wake atapita kuchipatala, nthawi yake itakwana, ndipo m'kachipinda muja munali mutalowa kale kabedi ka mwana. Zovala zake zinali zitapindidwa bwinobwino pa chikwama.

Anakhala pa chikwamacho. Anadziuza kuti basi, zatha, ndipita kwa azakhali. Koma mutu wake sunamumvere. Unkangobwerera ku chipinda cha mafizo chija. Mayi wa nyamakazi uja anagwira bwanji? Bwanji wowotcherera uja anayesa kudina ndi mfundo ya chala, osati nsonga? Kodi manja alipo a mitundu ingati?

Anapempha alamu kuti azigona m'shopu, pansi pa benchi, kufikira atapeza yankho.

"Mlonda waulere ndingamukane?" anatero alamu. "Koma usamafunse mafunso mafoni a anthu."

Ulendo wotsatira wa ku mafizo ananyamula ndowa ya dongo. Sanafotokoze kanthu. Anapatsa aliyense chibuluma n'kunena kuti afinye mmene dzanja lake likufunira. Anabwera nazo ku shopu n'kuziyala pa benchi. Panalibe ziwiri zofanana.

Magalasi anaziyang'ana n'kupukusa mutu.

"Sitingaseme kachipangizo ka munthu aliyense payekha. Tidzafa tisanamalize chipinda chimodzi."

"Nanga telala amatani, amayi? Sadziwa thupi la munthu asanabwere. Amayamba wamuyeza."

"Ndiye?"

"Nanga kameneka katamayamba kafunsa?"

Magalasi anatsegula laputopu asanakhale n'komwe pansi.

Anayambiranso. Kukhota kuja anakutaya. Katsopanoka kanali kofanana mbali zonse, kopanda kumanja kapena kumanzere, kopanda kumutu kapena kumiyendo. Ukakatembenuza, chithunzi chimatembenuka nawe. Mabatani anawamwaza kutsogolo, kumsana ndi m'mbali, ofewa, ndipo palibe limene linalembedwa ntchito yake. Ukakayatsa koyamba, sikayamba ndi gemu. Kamalemba ndi zilembo zikuluzikulu, komanso kamalankhula: "Ndigwireni mmene mukufunira. Tsopano dinani paliponse pamene chala chanu chikufika mosavuta." Pamene wadinapo, pamenepo ndiye podumphira. Kamafunsanso pothamangira. Mabatani otsala amagona, kuti chikhatho chikawakhudza mwangozi pasachitike kanthu. Wa dzanja lonjenjemera akadina kawiri mosafuna, kamawerenga kamodzi.

Magalasi anawonjezera chinthu china mwakachetechete, ndipo Mafunso anavomera. Kachipangizo kakaona kuti munthu akuchedwa kudina, kankachepetsa liwiro la gemu osamuuza.

Tsiku loyesanso anapita ndi tizipangizo tingapo. Adalaivala anagwira kawo chopingasa, chala chachikulu kutsogolo, chapakati kumsana. Kamunthu kanadumpha dzenje loyamba. Chipinda chonse chinaombera m'manja, amene anali nawo. Kanadumpha lachiwiri, lachitatu. Kenaka nkhope ya Adalaivala inasintha. Anayang'ana ka mnzawo wa pafupi, n'kuyang'ananso kawo.

"Bwanji kanga kakuyenda ngati kanyamula simenti?"

Mafunso anafotokoza kuti kanawachepetsera liwiro kuti asavutike.

Adalaivala anakagoneka patebulo.

"Ine ndayendetsa galimoto ya matayala ochuluka kuposa zaka zako. Kunyumba akundidulira kale nyama m'mbale ngati khanda. Ndabwera kuno kuti nako kamakina kandinyengerere kumbali? Ngati ndikulephera, ndilephere ndikudziwa."

Mafunso anagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Talakwa, bambo. Mukanakonda katani?"

"Kandiuze zoona. Magiya ndisinthe ndekha."

Anachitadi zomwezo. Anaika magiya oonekera pakona ya sikirini, ndipo munthu amasankha yekha. Adalaivala anayamba ndi giya yoyamba akung'ung'udza. Sanaphonyenso tsiku la mafizo, chifukwa ankafuna aliyense aone pamene alowe yachiwiri. Namwino anayamba kupempha tizipangizo tina, kenaka anzake a zipatala zina anayamba kufunsa kumene timapezeka.

Komabe kunyumba nkhani ya azakhali inali isanafe. Mkulu wake ankati kugona pansi pa benchi si moyo wa mtsikana, ndipo zoseweretsa za odwala sizingamufikitse patali.

Tsiku lina m'mawa Mafunso anasowa kachipangizo kamodzi pa benchi. Anafufuza m'madirowa, anafunsa alamu, kenaka analowa kunyumba. Anapeza mkulu wake atakhala pabedi, mwana ali kubere pa mkono wamanzere, dzanja lamanja lili kalikiliki, lilime lili panja.

"Asisi!"

"Shh! Undigwetsera m'dzenje. Mwanayu akayamba kuyamwa samaliza, ndiye ndizingoyang'ana khoma?"

Mafunso anaima pakhomo pakamwa pali yasa. Mkulu wake anali ndi zala zonse khumi, koma pa nthawi imeneyo anali munthu wa dzanja limodzi. Ndi angati ena otero? Woimirira m'basi atagwira chitsulo. Wogona m'chipatala ali ndi diripi pamkono. Wothyoka mkono amene akudikira kuti pulasitala achoke. Iye ankaganiza kuti akupangira anthu ochepa a m'chipinda cha mafizo, chonsecho aliyense amakhalapo wa dzanja limodzi tsiku lina.

"Za kwa azakhali zija," anatero mkulu wake maso ali pa sikirini, "udikire kaye ndimalize gemu imeneyi. Ndipo uwauze a Magalasi aikemo ina, iyi ndatsala pang'ono kuitha."

Ulendo wa kwa azakhali sunatchulidwenso.

Sindikunamizani kuti kuchokera apo zonse zinayenda myaa. Mabatani a tizipangizo ta gulu loyamba anayamba kumatirira nyengo yotentha, ndipo anatiitanitsanso tonse n'kusintha mabataniwo. Wamalonda wina amene anafuna kutipanga tambiri anaumirira kuti achotse mafunso a poyamba aja, ati ogula sakonda kudikira. Mafunso anakana, ndipo anadikira nthawi yaitali asanapeze wina womvetsa. Magalasi anasiya za masitolo. Analemba malangizo osavuta kuti aliyense wodziwa mapulogalamu athe kupanga gemu yake, lamulo lili limodzi lokha: gemu isalamule batani, ifunse. Lero magemu alipo ambiri, ena olembedwa ndi anthu amene awiriwa sanawaonepo.

Mtsikana amene analephera mayeso uja tsopano ali ndi malo akeake, chipinda chachitali cha mawindo akuluakulu pamwamba pa sitolo ya nsalu. Pa mabenchi pamakhala anthu olumikiza tizipangizo, ndipo wowotcherera wa zipsera uja ndiye amawayang'anira.

Ine ndinapitako tsiku lina kukaona ndi maso anga. Ndili pomwepo, panalowa bambo wina wamtali ndi mkazi wake. Manja a shati yake anali opindidwa n'kumangidwa ndi mapini m'mapewa. Magetsi anamuwotcha ali pa ntchito, ndipo madokotala anadula mikono yonse iwiri.

Mkaziyo analankhula motsitsa mawu.

"Tamva kuti muli ndi ka dzanja limodzi. Ndawauza kuti sizingatheke, koma ana kunyumba amasewera, iwo n'kumangoonerera. Ndiye anati tingofika."

Bamboyo ankayang'ana pansi, ngati munthu amene wazolowera kumva mawu oti pepani.

Mafunso sananene pepani. Anamuzungulira pang'onopang'ono, mutu uli chopendekera, maso akuwala.

"Bambo, mundikhululukire. Mphuno ikakuyabwani mumatani?"

Bamboyo anadzidzimuka. Anayang'ana mkazi wake, kenaka anaseka, kuseka kwa munthu amene waiwala kasekedwe.

"Ndimakanda ndi bondo."

"Nanga wailesi mumasintha bwanji?"

"Ndi chala cha kuphazi. Chakumanzere ndiye chochenjera."

"Chochenjera bwanji? Chingadine kamodzi n'kusiya, kapena chimakakamira?"

"Sindinayesepo."

Mafunso anavula nsapato zake, n'kukhala pansi pa simenti ndi diresi yake ya ku ntchito. Anaitana kuti amubweretsere kachipangizo kamodzi, sikuludiraiva ndi waya wautali.

"Nanenso sindinayesepo," anatero. "Tavulani nsapato, bambo, tione."

Pamene ndinkatsika masitepe, onse awiri anali pansi opanda nsapato, akukangana ngati chidendene chingathe kuthamangitsa pamene chala chikudumphitsa. Mkazi uja anali ataima pawindo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikudziwa chimene chinakudulani. Mwina ndi ntchito, mwina mayeso, mwina thupi lenilenilo. Sindikulonjezani kuti chidzamera. Koma chimene chatsalacho musachinyoze musanachifunse zimene chingathe. Mukayesa n'kulephera pamaso pa anthu, mverani zimene akukuuzani, mubwerere mukayambirenso. Mukasowa yankho, funsani funso lina.

Dzukani, m'bale wanga. Mtima wokhawo musautaye.